Minda ya agwape ku Georgia ndi nkhani ya laimu

Kuno ku Georgia, kummwera chakummawa kwa America, kuli anthu amene amalima munda chaka ndi chaka, amagula mbewu yodula, feteleza, mafuta a thirakitala, koma palibe tsiku limene mudzawaone akupita ndi thumba kukakolola. Mundawo ndi wa agwape. Inde agwape a m'tchire, osati oweta ayi, aja amati akadzidzimuka amathawa atakweza mchira woyera m'mwamba, eni ake amati whitetail. Kwathu gwape akalowa m'munda wa nyemba ndiye kuti agalu aitanidwa, chibonga chili kumanja, koma kuno munthu akapeza kuti usiku wathawu agwape amudyera mbewu mpaka pansi amajambula n'kutumizira anzake pa foni ali mwee kukondwa. Timinda timeneti amati food plot, ndipo ndi bizinesi yaikulu ndithu, muli makampani a mbewu, magazini, mapulogalamu a pa TV, makasu a thirakitala ang'onoang'ono okokedwa ndi njinga zamoto zamatayala anayi zija, zonsezo chifukwa cha nyama yoti sidziwa n'komwe kuti pali munthu akuivutikira.

Ine ndinalowamo mwangozi. Kuntchito kwathu kuli mdala wina, munthu wachete, amene ali mu kilabu ya alenje, gulu la azibambo amene amasonkherana ndalama kubwereka nkhalango ya kampani ya matabwa kuti azisakamo. Atamva kuti kumudzi ndinaphunzirako zaulimi anandifunsa ngati ndingapite nawo Loweruka lina ndikaone chifukwa chake clover wawo, kambewu kamasamba ka mtundu wa nyemba, amamera bwinobwino kenako n'kusanduka wachikasu n'kuzimiririka, pomwe feteleza amathira ndithu osaumira. Ndinavomera chifukwa cha chidwi basi, komanso ananena kuti kudzakhala nyama yootcha kkkk.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthu akuluakulu angamataye ndalama chonchi muyenera kudziwa kaye kuti agwape amenewa anatsala pang'ono kutheratu. Cha m'ma 1900 m'dziko lonse la America anatsala osafika ngakhale 1 miliyoni, anthu anali kuwapha n'kumagulitsa nyama ndi zikopa, nkhalango nazo zinali zitagwetsedwa. Mu 1937 boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa Pittman-Robertson, loti msonkho wa pa mfuti za alenje ndi zipolopolo uzipita kosamalira nyama zakutchire, ndipo kuno ku Georgia anachita kukatenga agwape kumadera ena ngati Texas ndi Wisconsin kudzawatulutsa m'nkhalango zimene zinalibe kanthu. Lero akuti alipo pafupifupi 30 miliyoni, achuluka mpaka amagundidwa ndi magalimoto usiku uliwonse, ndipo mlenje mmodzi ku Georgia amaloledwa kupha agwape 12 pa sizoni, amphongo anyanga awiri okha enawo opanda nyanga. Ndiye vuto la lero si kusowa kwa agwape. Alenje akufuna agwape onenepa, anyanga zikuluzikulu, komanso oti azikhala pamalo awo osapita kwa neba. Mu 1988 ku South Carolina kunayamba bungwe la QDMA, limene pano limatchedwa National Deer Association, lomwe linkalalikira kuti lekani kupha amphongo ang'onoang'ono, muziphako aakazi, ndipo muzisamala chakudya chawo. Chaka chomwecho ku Alabama bambo wina wotchuka pa mipikisano yowedza nsomba, Ray Scott, anayambitsa kampani yogulitsa mbewu ya clover ya agwape okhaokha. Kuyambira pamenepo nkhani inakula.

Tinafika kunkhalangoko dzuwa litakwera pang'ono. Paini yekhayekha, mizere yowongoka, pansi pake masamba ouma a paini ali mbwee ndipo chobiriwira choti gwape angadye palibe. Kamunda kawo kanali pamalo pamene magalimoto a matabwa ankapakirira zipika, mwina ekala imodzi, ndipo nditangoponda ndinaseka ndekha chifukwa dothi lake ndi katondo weniweni, wofiira, womata ku nsapato kukagwa mvula, kukauma wolimba ngati njerwa. Ndinazula clover mmodzi. Mizu yake inali yaifupi, yonenepa kunsonga ngati yapsa, yosalowa pansi, ndipo timatuza tija timakhala ku mizu ya nyemba tinali tochepa kwambiri, ndipo tomwe tinalipoto nditatiphwanya ndi chikhadabo mkati munali motuwa m'malo mokhala mofiirira. M'mbali mwa munda munadzaza udzu wina wautali wofiirira umene kuno amati broomsedge, alimi akale a kuno amadziwa kuti ukauona wachuluka ndiye kuti nthaka yasauka ndipo nthawi zambiri ndi ya asidi. Ndinawafunsa mdala aja kuti munayezetsako dothi? Anakanda m'mutu n'kunena kuti amene anayamba kilabuyi mwina anayezetsa, koma anamwalira kalekale.

Alenje ambiri amaloza chala paini, amati masamba ake ndi amene amawawasitsa nthaka. Ine ndimatsutsa pang'ono, nthakayi inali ya asidi paini asanadzalidwe. Dera limeneli, limene amati Piedmont, dothi lake ndi lakalekale, mvula imagwa yopitirira mamilimita 1,000 pachaka ndipo kwa zaka zosawerengeka yakhala ikukokolola kashiyamu ndi maginiziyamu kupita nazo pansi. Pamwamba pa izo panabwera thonje. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankalima thonje pamalo amodzimodzi, poyamba ndi akapolo kenako ndi alimi obwereka minda, dothi lapamwamba lakuda lija linapita ndi madzi n'kutsala katondo wapansi. Kachilombo koononga thonje kotchedwa boll weevil kanafika ku Georgia mu 1915, minda yambiri inasiyidwa, ndipo mtengo umene unavomera kumera pa dothi lotopa chonchi unali paini. Ndiye munthu lero akabwera ndi thumba la clover akudzala pa mabala a thonje la makolo ake.

Kuyeza dothi kuno n'kosavuta mpaka zimakwiyitsa kuti anthu amazemba. Boma lililonse laling'ono lili ndi ofesi ya alangizi yolumikizana ndi University of Georgia, ukapita amakupatsa timatumba tapepala. Umayenda m'munda mokhotakhota n'kumatapa dothi malo 10 kapena 20, kuya kwake masentimita 10 mpaka 15, kusakaniza mu ndowa ya pulasitiki yoyera, osati yachitsulo kapena imene munali feteleza, n'kutapamo pang'ono kuika m'kathumba. Munda uliwonse kathumba kakekake. Umalemba mbewu imene ukufuna kudzala, amatumiza ku labu ku Athens, pakatha sabata kapena kupitirirapo zotsatira zimabwera pa imelo, ndipo mtengo wake sufika ngakhale theka la mtengo wa thumba limodzi la mbewu zija zojambulidwa gwape wanyanga ngati nthambi za mtengo.

Zathu zinabwera kuti pH, muyeso wa asidi wa m'dothi, ndi 4.9.

Mdala aja anati aaa si pafupi ndi 6 pomwepo? Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Manambala a pH sayenda ngati masitepe ofanana, kutsika ndi 1 ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Nthaka ya pH 5 ili ndi asidi kakhumi kuposa ya 6, ndipo ka 100 kuposa ya 7. Clover woyera amafuna kuyambira 6 kupita cha ku 6.5, ndiye 4.9 si pafupi ayi, ndi kutali zedi. Ndipo chimene chimapha mbewu kwenikweni si kuwawasa pakokha. pH ikatsika kupitirira 5.5 aluminiyamu amene amakhala phee m'dothi lililonse amayamba kusungunuka, ndipo ameneyu ndi poizoni ku nsonga za mizu, n'chifukwa chake mizu ija inali yaifupi ngati yodulidwa. Mbewu ya mizu yaifupi dzuwa likawala sabata ziwiri yafota kale. Chachiwiri, fosiforasi amene mwagula ndi ndalama zanu mu feteleza amagwidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi wa mu katondo uja n'kumangika, ali m'nthaka momwemo koma mbewu singamutenge. Chachitatu tizilombo tija timakhala m'timatuza ta mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba, timene timakoka nayitrojeni mu mpweya, sitigwira ntchito bwino mu asidi. Ndiye clover amene amayenera kudzipangira yekha nayitrojeni amakhala ndi njala, n'kuchita chikasu. Eni munda akaona chikasu amathamangira feteleza wa nayitrojeni, amene amangonenepetsa udzu n'kuwonjezera asidi yemweyo. Kilabu imeneyi inakhala ikuzungulira pamenepa zaka ndi zaka.

Mankhwala ake ndi laimu, mwala woyera wogayidwa basi, palibe zamatsenga. Ali gulu limodzi ndi phulusa, amayi akamatcheza chidulo chophikira therere amagwiritsa ntchito mphamvu yomweyo yothetsa asidi, ndipo mukaona pamene panatenthedwa mulu wa zinyalala chimanga chikubiriwira kuposa pena, mbali ina ndi imeneyi. Pali laimu wa kashiyamu yekha ndi wina wotchedwa dolomite amene ali ndi maginiziyamu, ndipo kuno ambiri amathira wa dolomite poti maginiziyamu naye amakhala wochepa. Pepala la ku labu limakuuza kuchuluka kwake, ndipo sayang'ana pH yokha, amayezanso kuti dothilo ndi louma mutu bwanji, chifukwa katondo amafuna laimu wambiri kuposa mchenga ngakhale pH yawo ikhale yofanana. Ife anatiuza matani awiri pa ekala.

Matani awiri polemba ndi mawu awiri okha, koma kuwanyamula ndi nkhani ina. Laimu wotchipa ndi wa ufa, amene amabwera ndi chigalimoto chomwaza chokha, koma eni magalimoto amenewa safuna kubwera ndi katundu wochepa ndiponso salowa m'misewu ya m'nkhalango ya maenje ndi matope. Kotero anthu a timinda tating'ono amagula wa m'matumba, wopangidwa timibulu ngati feteleza, amene pa tani mtengo wake ndi wokwera kangapo. Thumba limodzi ndi mapaundi 40, pafupifupi makilo 18, tani ya kuno ndi mapaundi 2,000, ndiye matumba 50 pa tani, 100 pa ekala yathu ija. Tinkatsitsa pa pikapu kumene msewu wathera, kukweza pa kangolo ka njinga yamoto, kukafika kumunda kung'amba thumba ndi mpeni kukhuthulira m'chomwazira, fumbi lotuwa lili kobo m'maso, m'mphuno, thukuta likamatsika limasiya mizere kumaso. Kutentha kwa kuno mu June ndi kwa chinyontho, malaya amamata pathupi. Azibambo ena a mu kilabu, anthu oti kuntchito kwawo ndi mabwana, anali gada pansi pa mtengo akupumira m'mwamba, wina n'kunena kuti mkazi wanga akandituma kutchetcha kapinga kunyumba ndimati msana ukupweteka, akanandiona pano bwenzi ukwati utatha.

Ndipo ukathira sikuti mawa zasintha. Laimu amasungunuka pang'onopang'ono, amafuna chinyontho ndi miyezi ingapo, ena amati itatu ena isanu ndi umodzi, ndipo sayenda msanga kulowa pansi, ukangomumwaza pamwamba amakonza kadothi kapamwamba kokha. N'chifukwa chake tinamutembenuzira pansi ndi khasu la thirakitala ndipo tinathira mu June pokonzekera kudzala kumapeto a September. M'masitolo muli zigubu za mankhwala amadzi zolembedwa kuti kachigubu kamodzi kalowa m'malo mwa tani ya laimu. Ine zimenezo sindizikhulupirira ngakhale pang'ono, kuthetsa asidi ndi nkhani ya kulemera kwa zinthu, asidi wa mu dothi la ekala yathunthu sangathe ndi malita 10 a chilichonse, koma zimagulidwa kwambiri chifukwa palibe amene amafuna kunyamula matumba 100.

Podikira laimu sikuti munda ukhale chabe. Pali mbewu zopirira asidi. Pa nyengo yozizira mfumu yake ndi rye, mbewu yonga tirigu imene imamera ngakhale pa dothi loipa, ngakhale itangogwera kumbuyo kwa pikapu pali kadothi pang'ono. Oats, mbewu inanso yonga tirigu, nayenso amapirira ndipo agwape amamukonda ali wanthete. Tirigu amafuna nthaka yabwinoko pang'ono. Repu ndi tanaposi amadzalanso, koma izi zimafuna pH yokwererako ndi nayitrojeni wambiri, ndiye pa 4.9 n'kutaya mbewu. Alfalfa, mbewu ya ziweto ya mtundu wa nyemba, musayerekeze n'komwe, ameneyo amafuna 6.5 kupita m'mwamba. Pa clover, amene amatchuka kuno ndi Durana, anapangidwa ndi katswiri wa pa University of Georgia, Joe Bouton, mogwirizana ndi anzake a ku New Zealand, ndipo njira yake inandisangalatsa: anayenda m'madambo odyetsera ng'ombe a ku Georgia konkuno kutola clover amene anapulumuka yekha ku chilala, kudyedwa ndi nthaka yosauka, n'kuyambira pamenepo. Amapirira kuposa anzake, komabe kupirira si kukonda, naye ukamupatsa laimu ndi pamene amaonetsa mphamvu zake.

Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi mbewu za nyengo yotentha. Mdala aja anatsegula thumba n'kunena kuti izi ndi iron and clay peas, agwape amazifera. Nditayang'ana m'manja mwawo, abale, khobwe! Khobwe weniweni, wathu uja, amene anawoloka nyanja kuchokera ku Africa nthawi ya ukapolo. Thumba lina linali lolembedwa lablab, kutsegula ndikupeza nkhungudzu, ndi kamzere kake koyera kaja m'mbali. Kwinaku mapira, oti khobwe aziyangapo. Ndinangoti ha, ndiye munda wa agogo anga wonse uli pano, kungosowa maungu. Amadzala zimenezi chifukwa khobwe amapirira dzuwa ndi dothi la asidi mpaka cha m'ma 5.5, ndipo masamba ake ali ndi mapulotini ambiri pa nthawi imene agwape amawafunitsitsa: amphongo nyanga zawo zimagwa chaka chilichonse cha mu January mpaka March, zatsopano zimamera nyengo yotentha yonse mpaka kuuma cha mu September, ndipo aakazi amaswa cha mu May ndi June n'kumayamwitsa.

Khobwe uja atayanga ndinapempha kuti ndithyoleko masamba. Anandiyang'ana modabwa, akuti ukadyetse chiyani, uli ndi kalulu? Ndinati ndikadya ndine. Ndinathyola nsonga zanthete zodzaza jumbo, kunyumba ndinaphika chitambe chotendera, nsinjiro ndinalibe ndiye ndinagwiritsa ntchito chiponde cha m'botolo chopanda shuga, nsima ya ufa wa m'sitolo ya anthu a ku Mexico. Lolemba ndinawatengera mdala aja m'kabakuli. Analawa mwaulemu, kenako anamaliza konse, n'kunena kuti agogo awo ankaphika nyemba zake pa tsiku loyamba la chaka koma masamba sanaganizeko. Mpaka lero ku kilabu amandinena kuti ndine ndimapikisana ndi agwape.

Vuto la khobwe pa kamunda kakang'ono ndi loti agwape samudikira. Akangotulutsa masamba awiri oyamba amamudula, ndipo akadulidwa pansi pa masamba amenewo saphukanso. Ekala imodzi ikhoza kutha sabata imodzi. Ena amatchinga ndi waya wamagetsi kwa milungu ingapo kenako n'kutsegula. Ndipo apa pali kachida kamene ndimakakonda kwambiri chifukwa n'kotchipa koma kamathetsa mikangano: kakhola ka waya kozungulira, kotalika kufika m'chiuno, kokhomedwa ndi chikhomo pakati pa munda kuti gwape asafikemo. Anthu akayamba kudandaula kuti mbewu ija inali yabodza sinamere, mumapita pa kakhola. Ngati mkati mbewu yafika m'mawondo pomwe kunja kuli ngati pametedwa, mbewu ilibe mlandu, agwape ndi amene achuluka. Ngati mkati ndi kunja n'chimodzimodzi, zonse zachikasu zokwinimbira, bwererani ku dothi. Chaka chotsatira laimu atagwira, clover wa m'kakhola kathu anali thiii wobiriwira mpaka kutulukira m'mawaya, ndipo nditazula mmodzi n'kuphwanya katuza ka ku mizu mkati munali mofiirira, chizindikiro choti tizilombo tija tayamba ntchito.

Kadzalidwe ka clover nakonso kali ndi mwambo wake. Njere zake ndi zazing'ono ngati za bonongwe, ukazikwirira kwambiri sizituluka, zimangofuna kukanikizidwa pa dothi losalazidwa, osapitirira theka la sentimita. Zambiri zimabwera zitapakidwa kale tizilombo ta ku mizu tija, koma thumba likakhala padzuwa m'galimoto tsiku lonse tafa. Nthawi yodzala nayo ndi juga, September ndi October ndi miyezi youma kuno, ukafulumira kudzala kukadali kotentha ntchemberezandonda zimatha munda usiku umodzi. Inde zomwe zija zinatisautsa kwathu kuyambira 2016 ndi 2017, kwawo ndi kuno ku America, ndipo alenje a kuno amazitukwana ngati mmene amachitira alimi a ku Salima. Zikakusiyani ntchembere pali nguluwe, nkhumba zolowerera zimene zadzaza kummwera konse kuno, zimafika gulu usiku n'kutembenuza munda wonse.

Tsopano funso limene anzanga a kumudzi amandifunsa ndikawafotokozera pa WhatsApp: ndiye kuti amawakonda agwapewo kapena akuwatchera? Zonse ziwiri, tisanamizane. M'mphepete mwa munda uliwonse muli nsanja, kanyumba kokwezedwa pa mitengo kokhala ndi timawindo, mmene mlenje amakhala ndi mfuti kuyambira mbandakucha. Munda ndi nyambo, kungoti ndi nyambo yokhala ndi mizu. Ku Georgia masiku ano lamulo limalola ngakhale kuthira chimanga pansi pa malo a eni, ndipo alenje eni ake amakangana kwambiri, a minda amanyoza a chimanga kuti ndi aulesi. Ine ndili kumbali ya a minda, osati chifukwa cha ulemu wa ulenje ayi koma chifukwa mulu wa chimanga umasonkhanitsa nyama zambiri kudya ndi kusiya malovu malo amodzi, pomwe kuli matenda a muubongo otchedwa CWD amene alibe mankhwala ndipo afika kale m'zigawo zingapo za kummwera kuno. Munda umadyetsa miyezi yambiri, usiku ndi usana, agwape oyamwitsa, nkhukundembo zakutchire, akalulu, njuchi pa maluwa a clover, ndipo ambiri mwa odyawo saphedwa. Amphongo akuluakulu aja ojambulidwa pa matumba a mbewu ndi ochenjera, amabwera usiku wokhawokha, eni munda amangowaonera pa kamera yomangirira pa mtengo. Komanso mitengo ya oak ikayamba kugwetsa zipatso zake mu October agwape amausiya munda uja ngati sanaudziwepo, matumba 100 a laimu aja osawaganizira n'komwe.

Akatswiri a nyama zakutchire a kuno amanenanso chinthu chimene ogulitsa mbewu sakonda kumva, kuti timinda timeneti ndi kachigawo kakang'ono chabe ka chakudya cha gwape. Kupatulira paini kuti dzuwa lifike pansi, ndi kutentha tchire mwadongosolo pakapita zaka zingapo, kumameretsa zitsamba zachilengedwe zambirimbiri pa maekala mazana, zimene zinazolowera kale asidi ndipo sizifuna laimu ngakhale supuni imodzi. Koma kilabu yobwereka nkhalango ya kampani ilibe ufulu wodula kapena kutentha, ndiye amalimbana ndi ekala yawo ija.

Ndikamanyamula matumba aja mutu wanga unkangopita kumudzi, ndipo pena mtima unkawawa ndithu, kuti gwape wa ku Georgia dothi lake lapita ku labu pomwe minda yambiri ya chimanga imene ikudyetsa mabanja kwathu sinayezedwepo chiyambire. Kwathu tikati zipangizo zaulimi timatanthauza feteleza ndi mbewu, kuyambira makuponi a 2005 mpaka AIP, thumba la NPK ndi thumba la yureya, chaka ndi chaka munda womwewo. Koma yureya amasiya asidi m'nthaka, mwa mawerengedwe a m'mabuku thumba la makilo 50 limafuna laimu pafupifupi makilo 40 kuti asidi amene labweretsa athe, ndipo feteleza wa salufeti uja amawawasitsa kuposa pamenepo. Madera a mvula yambiri ngati Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay nthaka yake ndi ya asidi mwachibadwa, n'chifukwa chake tiyi amakondwa kumeneko, tiyi amafuna asidi, koma chimanga, soya ndi nyemba ayi. Ndiye mukamva mlimi akuti feteleza wa masiku ano ndi wopanda mphamvu, mwina nthawi zina akunena zoona, koma nthawi zina ndi nkhani ya mdala wanga uja ndi clover wake, fosiforasi akumangidwa m'nthaka mizu ili yaifupi. Sindikunena kuti aliyense athamangire laimu, pali madera ngati mbali zina za kuchigwa cha Shire kumene nthaka si ya asidi ndipo kuthira laimu kungakhale kuononga ndalama ndi nthaka yomwe. Malabu oyeza nthaka alipo ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, miyala ya laimu ilipo ku Balaka, chovuta ndi chomwe chija cha kuno, kulemera. Thumba la feteleza umakweza pa njinga, matani a laimu amafuna lole ndi msewu.

Ku kilabu kuja nkhani ya msewu ndi imenenso yavuta pano. Laimu sakhala mpaka kalekale, mvula ndi feteleza zimabwezera nthaka ku asidi pang'onopang'ono, ndiye pakapita zaka ziwiri kapena zitatu umayenera kuyezanso, ndipo titayeza ulendo wachiwiri munda woyamba uja unali pa 6.1 koma timinda tina tinayi ta kilabuyi timene sitinathire laimu, tonse tinali pansi pa 5.3. Kuwerengetsa matumba ake anthu anangoti kukamwa yasa. Gulu lina likuti tisonkhe tikonze msewu ndi miyala kuti chigalimoto cha laimu wa ufa chizilowa, pakapita zaka zingapo ndalamayo ibwerera. Gulu lina likuti msewu ndi wa kampani ya matabwa, mawa akhoza kudula mitengo kapena kubwereketsa nkhalango kwa ena ife n'kutsala tawakonzera msewu waulere, bola tingodzala rye ndi oats m'timinda tinato tisiye za clover. Mdala aja ali kumbali ya msewu, msungichuma wa kilabu ali kumbali ya rye, ndipo avota mwezi wamawa. Ine si membala ndiye sindivota nawo, angondiuza kuti ndibwere ndi mapepala a ku labu aja ndidzafotokozenso za manambala a pH kwa amene sanalipo ulendo woyamba.